Kuthandiza Wovulala Kuti Aimenso Payekha

Malemba a nkhani ino: Agalatiya 6:2, 5.

1. Kodi nchiyani chinachitika pafupi ndi Chitungwiza mu July 2025, ndipo ndani amene kaŵirikaŵiri amaiŵalika pambuyo pa ngozi zoterozo?

PA July 22, 2025, lole yaikulu inawombana ndi minibasi pamsewu wa Seke Road, pafupi ndi mlatho wa pamtsinje wa Manyame. Msewu umenewo ndiwo umene anthu zikwi zambiri a ku Chitungwiza, m'Zimbabwe, amadzeramo tsiku ndi tsiku popita kuntchito ku Harare. Anthu 17 anafa, ndipo dziko lonse linalira. Komabe, pamene maliro a ngozi zoterozo atha ndipo manyuzipepala atembenukira kunkhani zina, pamatsala anthu ena amene satchulidwa kaŵirikaŵiri. Ameneŵa ndiwo opulumuka, amene amagona m'zipatala atathyoka miyendo, chiuno, kapena msana. Lipoti la 2023 la World Health Organization linasonyeza kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, pamene kuli kwakuti enanso mamiliyoni 20 kufikira 50 amavulala, ndipo ambiri a iwo amapunduka.

2, 3. (a) Kodi nchifukwa ninji ngozi imalemera kwambiri pa mabanja ena a ku Chitungwiza? (b) Kodi ndi mafunso otani amene banja Lachikristu limayang'anizana nawo?

2 Chitungwiza, tauni ya anthu oposa 370,000 malinga ndi kalembera wa 2022, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare. Inapangidwa mu 1978 mwa kugwirizanitsa malokeshoni atatu, ndiwo Seke, Zengeza, ndi St Mary's. Chigawo cha Seke chinagaŵidwa m'madera otchedwa ndi zilembo, ndipo limodzi la madera amenewo ndilo Unit L. Pakati pa okhala m'tauniyi pali ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malaŵi, kummaŵa kwa Zambia, ndi ku Tete m'Mozambique kudzafuna ntchito m'migodi, m'mafamu, ndi m'mafakitale. Ambiri a mabanja ameneŵa ali kutali ndi midzi ya makolo awo. Chotero pamene ngozi igwera mmodzi wa iwo, sipakhala amalume ndi azakhali ambiri osinthana pakudwazika. Ntchito yonse imagwera anthu aŵiri kapena atatu.

3 Tayerekezerani kuti Mkristu wina wa ku Unit L, kalipentala ndiponso tate wa ana atatu, wagonekedwa m'chipatala atathyoka chiuno ndi fupa la ntchafu. Dzulo ndiye anali kudyetsa banja lake. Lero sakhoza ngakhale kutembenuka pakama popanda womthandiza. Mkazi wake ndi ana ake amamkonda, ndipo ali ofunitsitsa kumchitira chilichonse. Koma kodi kumchitira chilichonse ndiko chikondi nthaŵi zonse? Kodi ndi liti pamene wovulala ayenera kunyamulidwa, ndipo ndi liti pamene ayenera kuloledwa kuyesa yekha? Mawu a Mulungu amapereka chitsogozo chodalirika pankhaniyi.

Kodi Ngozi Imachokera Kuti?

4. Kodi Baibulo limafotokoza motani chochititsa ngozi?

4 Choyamba, banja lifunikira kumvetsetsa chochititsa ngozi, pakuti lingaliro lolakwa pankhaniyi lingafooketse wodwala kuposa mabala ake. Achibale ena anganene kuti mnansi wanjiru wamlodza, kapena kuti mizimu ya makolo yakwiya popeza kuti banjalo linaleka kupita kumudzi. Ena anganong'onezane kuti Mulungu akumlanga kaamba ka tchimo lobisika. Baibulo silichirikiza malingaliro ameneŵa. Mfumu Solomo anaona kuti othamanga, amphamvu, ndi anzeru omwe amagweredwa ndi zinthu zosayembekezereka pamene ali pamalo oipa panthaŵi yoipa. (Mlaliki 9:11) Yesu anatchula anthu 18 amene anafa pamene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa anthu ena onse a m'Yerusalemu. (Luka 13:4, 5) Yehova sayesa munthu ndi zoipa.—Yakobo 1:13.

5. Kodi choonadi ponena za ngozi chimatetezera motani wovulala?

5 Choonadi chimenechi chili ndi phindu lenileni m'chipatala. Munthu wokhulupirira kuti walodzedwa amayembekezera kuti wina adzamasule matsenga, ndipo saona chifukwa chovutikira ndi maseŵera oŵaŵa olimbitsa ziŵalo. Mabanja ena atulutsa wodwala m'chipatala fupa lisanalumikizane, namatayira ndalama zawo zochepazo kwa oombeza ula, chinthu chimene Yehova amanyansidwa nacho. (Deuteronomo 18:10-12) Ena athamangira kwa anthu olonjeza machiritso ozizwitsa. Koma ngakhale mtumwi Paulo, amene anachiritsa anthu ambiri, anasiya mnzake Trofimo ali wodwala ku Mileto, ndipo analangiza Timoteo za njira wamba yochepetsera vuto lake la m'mimba. (1 Timoteo 5:23, 2 Timoteo 4:20) Yesu mwiniyo anavomereza kuti odwala amafunikira sing'anga wochiritsa. (Luka 5:31) Motero banja Lachikristu limapempherera nyonga ndi nzeru, ndiyeno limagwirizana ndi madokotala ndi anamwino.

Zothodwetsa ndi Katundu

6. Kodi mavesi aŵiri a pa Agalatiya 6:2, 5 amagwirizana motani?

6 M'kalata yake kwa Agalatiya, Paulo anapereka malangizo aŵiri amene poyamba angaoneke monga osemphana. Pa vesi 2 la chaputala 6 analimbikitsa Akristu kunyamulirana zinthu zowathodwetsa. Pa vesi 5 ananena kuti munthu aliyense ali ndi katundu wake amene ayenera kusenza iye mwini. Mavesiwo samatsutsana, pakuti Paulo anagwiritsira ntchito mawu Achigiriki aŵiri osiyana. Loyambalo, baros, limanena za kulemera kopsinja munthu, ndipo pa Mateyu 20:12 likufotokoza kuthodwa kwa antchito amene anakhala padzuŵa tsiku lonse. Lachiŵirilo, phortion, limangotanthauza chinthu choyenera kunyamulidwa, ndipo ndilo limene Yesu anagwiritsira ntchito ponena za katundu wopepuka amene amapatsa ophunzira ake. (Mateyu 11:30) Ngakhale kuti Paulo anali kunena makamaka za mathayo auzimu, lamulo la mkhalidwe limeneli limagwiranso ntchito pambali pa kama wa wodwala. Zimene zamkulira wovulala, ena ayenera kumnyamulira. Zimene iye akhoza kusenza, sayenera kulandidwa.

7, 8. Kodi nkhani ya wakufa ziŵalo wa ku Kapernao ndi ya Eneya zimasonyeza motani mbali ziŵiri zimenezi?

7 Chochitika china cha ku Kapernao chimasonyeza mbali zonse ziŵirizo. Amuna anayi ananyamula munthu wakufa ziŵalo kumka naye kwa Yesu. Atalephera kuloŵa pakhomo chifukwa cha khamu, anakwera naye patsindwi, naboola denga, namtsitsa ali pamphasa yake. Iye sakanatha kuchita zimenezo yekha, ndipo Yesu anaona chikhulupiriro cha onsewo. Koma atamchiritsa, Yesu sanapemphe anayi aja kunyamula mphasayo. Analamula mwamunayo kunyamuka, kutenga mphasa yake, ndi kupita kwawo. (Marko 2:1-12) Munthu amene analoŵa m'nyumbamo atanyamulidwa anatulukamo atanyamula katundu wake.

8 Mofananamo, ku Luda mtumwi Petro anapeza Eneya, amene anagona pakama zaka 8 ali wopuwala. Pomchiritsa m'dzina la Yesu Kristu, Petro anamuuza kuti auke nadziyalulire yekha kama wake. (Machitidwe 9:32-34) Kwa zaka 8 ntchito yaing'ono imeneyo inali kuchitidwa ndi manja a ena. Zoonadi, machiritso amenewo anali ozizwitsa ndi apanthaŵi yomweyo, pamene kuchira kwa lerolino kumatenga miyezi. Komabe, nkhanizi zimavumbula maganizo a Yehova ndi Mwana wake. Chifuno cha chithandizo chawo chinali kubwezera munthu ku moyo wake, kunyumba kwake, ndi kumathayo ake.

Pamene Wovulala Ayenera Kunyamulidwa

9. Kodi fanizo la Msamariya wachifundo limaphunzitsanji ponena za masiku oyambirira pambuyo pa ngozi?

9 M'masiku oyambirira pambuyo pa ngozi, pafupifupi zonse zimakhala zothodwetsa. Kalipentala wa ku Unit L uja angakhale akuyembekezera opaleshoni yoika chitsulo m'fupa, kapena mwendo wake ungakhale utamangiriridwa kuchinthu cholemera choukoka kwa milungu 6 kapena kuposerapo. Imeneyi si nthaŵi yomuuza kuti adzilimbitse. Msamariya wa m'fanizo la Yesu sanapatse uphungu munthu wokomoka panjira ya ku Yeriko. Anatsuka mabala ake, namkweza pachiŵeto chake, namsamalira usiku wonse, nasiya malipiro a masiku aŵiri kwa mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kudzabweranso. (Luka 10:30-35) Banja Lachikristu limachita mofananamo. Limabweretsa chakudya ndi zovala zochapa, limafunafuna ndalama za mankhwala, ndipo limamvetsera mosamalitsa zimene madokotala akunena. Kusamalira a m'banja mwanjira imeneyi kuli mbali ya kulambira koona.—1 Timoteo 5:4, 8.

10. Kodi ochezera wovulala angaphunzirenji kwa mabwenzi atatu a Yobu?

10 Mawu a ochezera wodwala angachiritse kapena kuvulaza. (Miyambo 12:18) Mabwenzi atatu a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, koma atatsegula pakamwa anamuwonjezera zoŵaŵa mwa kufunafuna liwongo lake, kotero kuti Yehova anawadzudzula. (Yobu 2:13, 16:2, 42:7) Wovulala safunikira kufunsidwa chifukwa chake anakwera minibasi imeneyo, kapena kusimbiridwa za munthu wina amene anafa ndi mabala ofananawo. Iye angakhale akulota ngoziyo usiku uliwonse, akumalira anzake amene anafa, kapena akumada nkhaŵa ndi lendi ndi fizi ya ana. Womchezera wanzeru amafulumira kumva, amaŵerenga naye lemba lalifupi, amapemphera naye, ndipo amachoka wodwalayo asanatope.—Yakobo 1:19.

11. Kodi ntchito ya Ludwig Guttmann inasonyezanji ponena za chisamaliro cha tsiku ndi tsiku?

11 Chisamaliro chooneka chaching'ono chingapulumutse moyo. Nkhondo Yadziko II isanachitike, ambiri ovulala msana anali kufa m'nthaŵi yochepa chifukwa cha zilonda zobwera ndi kugonera mbali imodzi ndiponso matenda a chikhodzodzo ndi impso. Mu 1944 dokotala wina wothaŵa ku Germany, Ludwig Guttmann, anatsegula chipinda cha ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England. Iye analamula kuti wodwala aliyense atembenuzidwe maola aŵiri alionse, usana ndi usiku, ndipo ambiri amene akanafa anakhala ndi moyo. Kufikira lerolino anamwino amaphunzitsa achibale mmene angatembenuzire wodwala popanda kumvulaza, mmene angasungire khungu lake lili louma, ndi mmene angaonere msanga malo ofiira kapena akuda pamatako ndi pazidendene. Mkazi kapena mwana amene amaphunzira zimenezi modzichepetsa akunyamuladi zothodwetsa za wokondedwa wake.

Nthaŵi ya Kuchotsa Dzanja

12. Kodi nchifukwa ninji kugona pakama kwa nthaŵi yaitali kuli kwangozi?

12 Komabe, Guttmann sanalekezere pa kusunga odwala ake ali amoyo. Anawadzutsa, nawaphunzitsa ntchito zamanja, nawaloŵetsa m'maseŵera. Pa July 29, 1948, odwala 16 okhala pamipando ya magudumu anapikisana kuponya mivi pabwalo la chipatalacho, ndipo mpikisano umenewo ndiwo unakula kukhala maseŵera a padziko lonse a opunduka, amene anachitikira ku Rome mu 1960. Iye anazindikira chinthu chimene madokotala onse tsopano amavomereza, chakuti thupi la munthu linapangidwira kuyenda. Munthu akagona pakama, minofu yake imayamba kufota m'masiku oŵerengeka chabe. Mfundo za ziŵalo zimauma. Magazi angaundane m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo mapapu angagwidwe ndi chibayo. Nchifukwa chake akatswiri olimbitsa ziŵalo amafika pakama wa wodwala mwamsanga, akumamphunzitsa kupuma mozama, kugwedeza mapazi, kukhala tsonga, ndiyeno kuimirira.

13. Kodi chikondi cha banja chingakhale motani chopinga?

13 Panopa mpamene chikondi cha banja chimayesedwa mwanjira yatsopano. Nkoŵaŵa kwa mkazi kuona mwamuna wake akutuluka thukuta poyesa kuvala malaya, ntchito imene iye akanamchitira m'kamphindi. Nkoŵaŵa kwa mwana kuona atate wake akutaya phala pachifuwa. Ndiponso, m'miyambo ya kumadera ambiri, kulekerera munthu wamkulu akuvutika pamene ana alipo kumaonedwa kukhala mwano, ndipo achibale odzacheza angadzudzule mkaziyo kuti ngwouma mtima. Chotero banja lingapitirize kumdyetsa, kumsambitsa, ndi kumyankhira mafunso a dokotala ngakhale pamene iye akhoza kuchita zimenezo. Chotulukapo chake nchakuti manja ake amafooka, ndipo mtima wake umayamba kukhulupirira kuti iye salinso kanthu. Mwambi wouziridwa umanena kuti mzimu wa munthu ungampirize m'matenda, koma mzimu wosweka ngwovuta kuunyamula.—Miyambo 18:14.

14. Kodi banja lingatsanzire motani mmene Yesu anachitira ndi Bartimeyu?

14 Kodi banja lingadziŵe motani nthaŵi yochotsa dzanja? Njira yoyamba ndiyo kufunsa akatswiri osamalira wodwalayo, popeza kuti kupondetsa mwendo dokotala asanalole kungawononge fupa limene likulumikizana. (Miyambo 15:22) Njira yachiŵiri ndiyo kufunsa wodwalayo. Pamene Bartimeyu wakhungu anabweretsedwa kwa Yesu, chosoŵa chake chinali choonekeratu kwa aliyense. Ngakhale zinali choncho, Yesu anamfunsa chimene anafuna kuti amchitire, motero anamlemekeza monga munthu wokhoza kudzilankhulira. (Marko 10:46-52) Mwana wamkazi wa kalipentala uja angachite mofananamo mwa kufunsa kuti: "Atate, kodi ndikuthandizeni, kapena muyamba mwayesa nokha?" Ndiyeno angaike nsapato pafupi, naimirira pambali, nadikira. Kudikira kumeneko kumafuna kuleza mtima, ndipo kuleza mtima ndiko mkhalidwe woyamba umene Paulo anatchula pofotokoza chikondi.—1 Akorinto 13:4.

15. Kodi lamulo la khunkha ndi nkhani ya Mefiboseti zimasonyezanji ponena za ulemu wa munthu wothandizidwa?

15 Chilamulo cha Mose chinasonyeza nzeru yofananayo. Mwini munda analamulidwa kusiya m'mphepete mwa munda wake mosakolola, koma sanalamulidwe kututira mbewuzo kunyumba kwa wosauka. Wosaukayo anafunikira kudzakunkha yekha, monga momwe Rute anachitira, nadya chakudya cha thukuta lake. (Levitiko 19:9, 10, Rute 2:2, 17) Talingaliraninso za Mefiboseti, mwana wa Jonatani, amene anapunduka mapazi onse aŵiri ali ndi zaka zisanu pamene mlezi wake anamgwetsa pothaŵa. (2 Samueli 4:4) Atakula anadziona kukhala wopanda pake kwakuti anadziyerekezera ndi galu wakufa. Davide anampatsa malo pagome lachifumu, koma anachitanso zoposa kumdyetsa. Anambwezera minda yonse ya agogo ake, Sauli, naika Ziba ndi a m'nyumba yake kukhala antchito ake. (2 Samueli 9:6-13) Mefiboseti anakhalanso mwini nyumba. Mofananamo, mwamuna wogona m'chipatala akali mutu wa banja lake. Mkazi wanzeru adzamfunsabe ponena za ndalama ndi za ana, ndipo adzampempha kutsogolera pemphero la banja panthaŵi ya kuchezera odwala.—1 Akorinto 11:3.

Katundu wa Wovulalayo

16, 17. (a) Kodi ndi katundu wotani amene wovulala yekha angasenze? (b) Kodi nchiyani chingamthandize pamene achita tondovi?

16 Wovulalayo nayenso ali ndi thayo. Pathamanda la Betesda, Yesu anafunsa munthu amene anadwala zaka 38 ngati anafuna kuchira. (Yohane 5:5-9) Funsolo linali loyenera, pakuti matenda a nthaŵi yaitali angaphe ngakhale chikhumbo cha kuchira. Palibe mkazi amene angachitire mwamuna wake maseŵera olimbitsa mwendo. Palibe mwana amene angaphunzire kuyendera ndodo m'malo mwa atate wake. Mkristu wovulala ayenera kubwereza maseŵerawo monga momwe walangizidwira, ngakhale pamene katswiri wachoka ndipo palibe womuona. Ayenera kunena zoona ponena za ululu wake, osaubisa chifukwa cha manyazi ndiponso osaukulitsa kuti apeŵe kuyesayesa. Afunikiranso kudzichepetsa kuti alandire chithandizo pazinthu zimene zamkulira, ndi kudziletsa kuti asakalipire amene akumtumikira.—Miyambo 24:10, Akolose 3:12-15.

17 Padzakhala masiku pamene mwendo udzaoneka monga ukubwerera m'mbuyo, ndipo wodwalayo angachite tondovi. Zimenezi sizitanthauza kuti chikhulupiriro chake chatha. Epafrodito, amene anadwala pafupi kufa pamene anali kutumikira Paulo ku Roma, anavutika mtima kwambiri, komabe Paulo anauza Afilipi kuti amlandire ndi chimwemwe ndi kumchitira ulemu. (Afilipi 2:25-30) Wovulala angathandizidwe mwa kudziikira zonulirapo zazing'ono, monga kukhala tsonga kwa mphindi 10, kudzisambitsa kumaso, kapena kufika kuchimbudzi ndi ndodo. Sayenera kudziyerekezera ndi wodwala wa pakama woyandikana naye, pakuti mavesi omwewo a Agalatiya amalangiza munthu kuyesa ntchito yake ya iye mwini popanda kuilinganiza ndi ya wina. (Agalatiya 6:4) Ngati chisoni chipitirira kwa milungu yambiri, kapena ngati ayamba kulankhula zakuti kuli bwino kufa, banja liyenera kuuza dokotala ndi akulu mosazengereza.

Mpingo Uchirikiza Manja Otopa

18. Kodi nchifukwa ninji osamalira wodwala amafunikira chichirikizo cha mpingo?

18 Osamalira wodwala nawonso amatopa. Mkazi wa ku Unit L angadzuke m'mamaŵa kukaima pamzere wa pamjigo, popeza kuti madzi a m'mipope akhala osoŵa ku Chitungwiza kwa zaka zambiri. Ndiyeno aphike, akonzekeretse ana a sukulu, akagulitse malonda ake, nakwere minibasi kupita ku Chitungwiza Central Hospital ku Zengeza, kapena kuchipatala china chachikulu ku Harare. Ngati achibale ake ali ku Dedza, ku Chipata, kapena ku Angónia, kodi ndani adzamlandira? Pamene manja a Mose analema mkati mwa nkhondo ndi Aamaleki, Aroni ndi Huri anamkhazika pamwala nachirikiza manja ake kufikira dzuŵa litaloŵa. (Eksodo 17:12) Yesu analonjeza otsatira ake abale, alongo, ndi amayi ambirimbiri mumpingo. (Marko 10:29, 30) Lonjezo limenelo limakwaniritsidwa pamene mlongo wina atenga ana kukagona kwawo, mbale wina apereka ndalama ya ulendo, ndipo wachichepere wina atunga madzi.

19. Kodi akulu angathandize motani pokonzekera kubwerera kunyumba kwa wovulala?

19 Akulu achikondi samayembekezera kupemphedwa. Iwo angalinganize ochezera wodwala kotero kuti asadzaze chipinda m'mlungu woyamba ndiyeno nkuzimiririka m'mwezi wachiŵiri, pamene kusungulumwa kumakula. Tsiku la kutuluka m'chipatala lisanafike, abale aluso angafunse banjalo ndi akatswiri a kuchipatala zimene zifunikira kusinthidwa panyumba. Mwinamwake ndiko kuika chogwirira m'chimbudzi, kukweza kama kuti asavutike podzuka, kapena kusalaza khomo kuti mpando wa magudumu uziloŵa. Ntchito zoterozo zimachotsa zothodwetsa kotero kuti mbaleyo athe kudzisenzera katundu wake. Akulu angamgaŵirenso mbali imene akhoza kuisamalira, monga kuŵerenga lemba pamsonkhano kapena kulembera kalata okhulupirira anzake odwala, pakuti chiŵalo chilichonse cha thupi nchofunika, kuphatikizapo zija zooneka zofooka.—1 Akorinto 12:22, 26. 1 Atesalonika 5:14.

Pamene Thupi Silichira Kotheratu

20. Kodi munthu wopunduka kwa moyo wonse angakhale wodziimira m'lingaliro lotani?

20 Si onse ovulala amene adzayendanso m'dongosolo ili la zinthu. Ena amatumizidwa kumalo ophunzitsirako opunduka, monga St Giles ku Harare, chipatala cha ku Ruwa, kapena Kachere ku Blantyre, kumene amaphunzira kuchoka pakama kupita pampando wa magudumu, kudzisamalira, ndi kugwira ntchito mwanjira zatsopano. Jairos Jiri, amene mu 1950 anayambitsa bungwe lothandiza opunduka ku Bulawayo, anaona kuti anthu amene anali kupemphapempha m'misewu anafunikira luso la manja limene likanawadyetsa, ndipo anayamba kuwaphunzitsa ntchito monga kukonza nsapato. Kwa munthu amene manja ake omwe afa, kudziimira kungatanthauze kusankha yekha chovala, chakudya, ndi nthaŵi ya kupemphera, ndi kulangiza omsamalira ndi pakamwa pake. Paulo anapempha katatu kuti chomsautsa m'thupi chichotsedwe, koma sichinachotsedwe. M'malo mwake anaphunzira kuti mphamvu ya Mulungu imaonekera bwino koposa mwa munthu wofooka. (2 Akorinto 12:7-10) Yehova amalandira utumiki monga mwa zimene munthu ali nazo, osati monga mwa zimene alibe.—2 Akorinto 8:12.

21, 22. (a) Kodi banja la wovulala limatsanzira motani Yehova? (b) Kodi ndi chiyembekezo chotani chimene chimalimbitsa ovulala ndi owasamalira?

21 Talingaliraninso za kalipentala wa ku Unit L. Patapita milungu yambiri, tsiku lifika pamene aimirira pakati pa zitsulo ziŵiri zogwirira m'chipinda cholimbitsira ziŵalo. Mkazi wake, amene anamtembenuza, kumsambitsa, ndi kumdyetsa, tsopano waima kumapeto kwa zitsulozo, manja ake ali okonzeka koma osamkhudza. Pa masiku onse aŵiriwo, la kumnyamula ndi la kumdikira, mkaziyo wasonyeza chikondi chimodzimodzicho. Iye akutsanzira Yehova, amene ananyamula Israyeli m'chipululu monga momwe atate amanyamulira mwana wake, amenenso anaphunzitsa mtunduwo kuyenda monga momwe kholo limaphunzitsira kamwana.—Deuteronomo 1:31, Hoseya 11:3.

22 Mapazi oŵerengeka amene wovulala amaponda m'chipatala ali chipambano chenicheni, komabe atumiki a Mulungu akuyembekezera zoposa zimenezo. Yesaya analosera nthaŵi pamene wopunduka adzadumpha monga nswala ndipo palibe wokhala m'dziko amene adzadandaula za matenda. (Yesaya 33:24, 35:5, 6) Mu Ufumu wa Mulungu imfa, kulira, ndi zoŵaŵitsa zidzachoka, ndipo amene anafera m'misewu ali pakati pa awo amene adzamva mawu a Mwana wa Mulungu ndi kutuluka m'manda. (Yohane 5:28, 29, Chivumbulutso 21:3, 4) Kufikira nthaŵiyo, mabanja ndi mipingo Yachikristu adzapitiriza kunyamula zimene zakulira ovulala awo, ndi kuwabwezera mwaulemu katundu aliyense amene akhozanso kusenza.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nchifukwa ninji nkofunika kuti banja lidziŵe kuti ngozi si chilango cha Mulungu kapena ufiti?

□ Kodi pali kusiyana kotani pakati pa zothodwetsa za pa Agalatiya 6:2 ndi katundu wa pa Agalatiya 6:5?

□ Kodi banja lingadziŵe motani nthaŵi yolola wovulala kuyesa yekha?

□ Kodi mpingo ungachirikize motani wovulala ndi omsamalira?